Anandiimitsa m'gulu la njinga zamoto chifukwa cha tcheni: mmene apilo yanga inayendera

Gulu lathu la okonda njinga zamoto kuno ku Chipata lili ndi anthu opitirira 40. Muli aphunzitsi, alangizi a zaulimi, amalonda a ku Kapata, amakaniko ngati ine, ndiponso anyamata angapo amene amanyamula anthu. Aliyense amasonkha K50 pamwezi. Thumba limeneli limathandiza membala akachita ngozi kapena akaferedwa, ndipo nthawi zina timagulira masipeya pamodzi kuti mtengo utsikeko. Kamodzi pamwezi timatuluka limodzi, kaya ku Mfuwe, kaya ku Lundazi, kaya kungofika pa Mwami n'kubwerera. Gululi n'lolembetsedwa kwa Registrar of Societies, monga Societies Act imafunira pa bungwe la anthu 10 kapena kuposerapo, ndipo polembetsapo anapereka kope la malamulo oyendetsera gulu. Mfundo ya kope imeneyi muisunge, ibweranso kutsogoloku.

Mvula itatha, mu Meyi, komiti inagula maseti 20 a tcheni ndi masproketi (magiya a mano amene tcheni imazungulirapo) a saizi 428, malinga ndi njinga zathu, zimene zambiri ndi za injini ya 125cc ndi 150cc. Anagula kushopu ya a msungichuma athu, amene amagulitsa masipeya m'tauni. Palibe anafunsa kanthu chifukwa mtengo unali wabwino. Ambiri mwa masetiwo ndinamanga ndine, popeza mamembala amakonda kubweretsa njinga zawo pagalaja panga.

Pofika mu Julayi njinga zija zinayamba kubwera imodziimodzi, dandaulo lake limodzimodzi: tcheni ikulira, ikugunda pa kava, ndipo ukaikunga lero mlungu usanathe yalendewera kale. Pa zina, mabauti okungira anali atafika kumapeto. Njinga zimenezi zinali zisanakwanitse makilomita 3,000 chimangireni, chikhalirecho seti yabwino yothiridwa oilo imayenda mtunda woterewu kangapo isanadandaule, ngakhale m'fumbi la njira za kumidzi.

Tcheni sitiiweruza ndi maso. Ya 428 ili ndi mamilimita 12.7 kuchoka pakati pa pini imodzi kufika pakati pa inzake. Mukaikoka kuti iongoke n'kuwerenga mapini 21, yatsopano imakupatsani mamilimita 254. Ikafika cha ku 259 ndiye kuti yatha ntchito, yatalika ndi magawo 2 pa 100 alionse, ndipo sikhalanso bwino m'mano a sproketi, imakwera pamwamba pa dzino n'kumalidya. Ambiri amaganiza kuti zitsulo zam'mbali ndi zimene zimatamuka. Ayi, amadyeka ndi mapini ndi mabushi mkatimo, ndiye timipata tonseto tikaphatikizana tcheni imatalika. Ngati mulibe chopimira, gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sproketi yaikulu n'kuikoka. Ikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, yapita. Zimene ndinapima ine zinali pakati pa 260 ndi 262. Mano a sproketi yaing'ono anali atapindika ngati mbedza, ndipo nditapititsa tupa pa dzino limodzi inadya mosavuta, kusonyeza kuti chitsulocho sanachiumitse bwino kumene chinapangidwa.

Pamsonkhano wa kumapeto kwa mweziwo ndinakweza dzanja titafika pa nkhani zina ndi zina. Ndinati maseti amene tinagula akutha msanga, ndapima angapo, ndiye ndikupempha kuti komiti iwabweze kumene anachokera ndipo otsalawo tisamange. Sindinatchule munthu. Koma aliyense ankadziwa shopu yake, ndipo a msungichuma anangoti duu mpaka pemphero lotsekera.

Mlungu wotsatira ndinalandira uthenga pafoni kuchokera kwa a mlembi. Unkati komiti yakhala pansi, ndaimitsidwa miyezi 6 chifukwa choipitsa dzina la mtsogoleri pagulu, ndilipire faindi ya K300, ndipo ndisapezeke pamaulendo kapena pamisonkhano. Basi. Sanandiitane, sanandiuze tsiku limene anakumana, sanatchule lamulo limene ndaphwanya.

Zinandiwawa kwambiri, ndipo si K300 imene inandisowetsa tulo. Chipata ndi mzinda, koma a njinga tonse timadziwana, ndipo mawu akuti "makaniko uja amuimitsa" akamayenda sayenda ndi chifukwa chake. Wina amamva kuti unaba sipeya, wina amamva kuti unamanga molakwika. Chinanso, nthawi imeneyo munthu woimitsidwa sankathandizidwa ndi thumba. Ndikanagwa pamsewu wa Great East m'miyezi imeneyo, zonse zimene ndakhala ndikusonkha sizikanandigwira mkono.

Mtima unkandituma kupita kushopu kuja ndi tcheni m'manja. Amene anandiletsa ndi mkulu wina wa m'gulu momwemo, wopuma pantchito ya ukalaliki ku Local Court. Anabwera kudzasinthitsa oilo, ndipo anamvetsera nkhani yonse ali chikhalire pa benchi.

"Mphwanga, ukufuna kuwina mlandu uti? Wa tcheni kapena wa kuimitsidwa?"

"Akulu, kodi si umodzi womwewo?"

"Ndi iwiri. Wa tcheni ungathe kuluza, chifukwa chitsulo chili ndi zifukwa zambiri zothera. Wa kuimitsidwa sungaluze ngati sanakumve. Ngakhale kwa a nyakwawa, munthu samulipiritsa mbuzi asanayankhule pabwalo. Yamba ndi umenewo. Ndiponso khoswe akakhala pamkhate sapheka. Usalimbane ndi wosunga ndalama za gulu pamaso pa anthu. Limbana ndi pepala."

Ntchito yoyamba inali kupeza malamulo, ndipo inavuta kuposa mmene mungaganizire. Pepala limene timapatsidwa polowa m'gulu ndi la masamba awiri, lonena za kusonkha, chipewa chodzitetezera, laisensi ya RTSA (bungwe loona za pamsewu) ndi inshuwalansi, komanso kayendedwe ka pamzere tikakhala paulendo. Za chilango limangoti "komiti ili ndi mphamvu." Nditapempha malamulo athunthu kwa a mlembi, anati buku lili kwa a wapampando, a wapampando anati lili kwa a mlembi. Ndinakalipeza kwa mlembi woyamba wa gulu, amene anasunga fotokope ya zimene zinaperekedwa polembetsa. Aliyense amene ali m'gulu losonkha ndalama, pemphani kope lathunthu pamene zinthu zili bwino. Mukalipempha mutakhala kale ndi mlandu, aliyense amadziwa chimene mukulifunira, ndipo limasowa.

M'malamulo athunthuwo munali ndime zitatu zimene komiti inadumpha kapena sinandiuze. Membala woimbidwa mlandu azilandira kalata yotchula mlanduwo masiku 7 komiti isanakumane, ndipo azipatsidwa mpata woyankha. Wa mu komiti amene nkhani ikumukhudza azituluka pokambirana. Wosakhutira ndi chigamulo ali ndi masiku 14 ochita apilo kuchokera tsiku limene wauzidwa, ndipo apiloyo imamvedwa ndi anthu atatu osankhidwa ndi msonkhano wa mamembala onse, osati a mu komiti.

Masiku 14 amenewa ndi msampha weniweni. Amayamba kuwerengedwa pa deti ya uthenga wa pafoni uja, osati tsiku limene mwapeza malamulo, ndipo pamene ndinkalipeza kopelo theka la nthawi linali litapita kale kufunafuna. Chofunika n'kulemba kakalata ka mizere iwiri tsiku lomwelo mwauzidwa, konena kuti mwalandira chigamulo pa deti yakuti, simukugwirizana nacho, mukuchita apilo, ndipo zifukwa zikubwera. Kakalata kameneka kamatseka pakamwa aliyense wofuna kudzanena kuti munachedwa.

Panalinso ndime yachinayi, yobisala m'gawo la zandalama: amene sanasonkhe miyezi 3 yotsatizana wadzichotsa yekha. Munthu wokwiya amasiya kusonkha, n'kumati ndisonkherenji ku gulu limene landithamangitsa. Akatero apilo yake imafa yokha, chifukwa amene si membala alibe chochitira apilo. A msungichuma anakana kulandira ndalama m'manja mwanga, akuti woimitsidwa salembedwa m'buku. Ndinkatumiza pa nambala ya Airtel Money ya gulu tsiku loyamba la mwezi, n'kukopera nambala ya risiti ya uthengawo m'kabuku, popeza mauthenga a pafoni amafufutika. Faindi nayo ndinalipira, chifukwa malamulo ankati apilo siimitsa faindi, koma ndinalembetsa pa risiti mawu akuti "yalipiridwa podikira apilo, mlandu sunavomerezedwe." Popanda mawu amenewo, kulipira kumaoneka ngati kuvomera.

Kalata ya apilo tinailemba ndi mkulu uja, tsamba limodzi. Pamwamba dzina langa, nambala ya umembala ndi deti. Kenako chigamulo chimene ndikutsutsa, chokopedwa ndendende mmene chinalembedwera mu uthenga. Kenako zifukwa zitatu, chilichonse ndi nambala ya ndime yake: sindinapatsidwe kalata ya masiku 7, sindinamvedwe, ndipo ndili ndi chifukwa chokhulupirira kuti amene nkhani ikuwakhudza analipo pogamula. Pomaliza zimene ndikupempha: chigamulo chichotsedwe, chifufutidwe m'buku la maminitsi, faindi ibwezedwe, ndipo maseti otsala asagawidwe mpaka nkhani itatha. Za tcheni zinatenga mzere umodzi wokha, wonena kuti ndili ndi umboni wa zimene ndinanena ndipo ndidzaubweretsa.

Mawu ngati kaduka, katangale, kukondera, mkulu uja anawadula onse. Anati mawu oterowo amapatsa komiti mlandu watsopano wokuimba, ndipo amachititsa anthu atatu odzamva apilowo kuyamba kuteteza anzawo m'malo mowerenga ndime. Anali kunena zoona. Anthu amavomera mosavuta kuti njira inadumphidwa kusiyana n'kuvomera kuti mnzawo ndi woipa mtima, ndipo kwa inu zotsatira zake n'zimodzimodzi.

Popereka kalata tinapanga makope awiri ndipo tinapita awiri. A mlembi anazengereza kusaina langa, akuti kulandira kokha n'kokwanira.

"Amalume," ndinatero, "sindikupempha kuti muvomereze zimene zili m'katimo. Ndikungopempha deti ndi siginecha kuti yafika."

Anasaina. Akanakana, amene ndinapita nayeyo akanalemba pakope langa kuti kalata inaperekedwa tsiku lakuti, nthawi yakuti, wolandira anakana kusaina, n'kusainapo iye.

Podikira, ndinasonkhanitsa umboni. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi buku la pagalaja, mmene ndimalemba deti, nambala ya njinga, ntchito imene ndagwira ndi makilomita amene wotchi ikuonetsa. Popanda makilomita a tsiku lomangira, mawu akuti "yatha msanga" ndi maganizo chabe. Tcheni iliyonse imene ndinamasula ndinaiika m'pepala lapulasitiki lakelake pamodzi ndi masproketi ake, n'kulembapo nambala ya njinga ndi makilomita, mwiniwake n'kusainapo. Ndinajambula iliyonse ili yoongoka patebulo, lula yachitsulo ili pambali, pini yoyamba ili pa ziro. Musaitsuke tcheni ya umboni. Oilo kapena kuuma kwake ndi umboninso, ndipo mukaitsuka adzati munabisa kuti inali youma.

Za mboni ndiye musayembekezere zambiri. Pagalaja aliyense ankati ndinanena zoona, koma pofunsa amene angaime pamaso pa anthu ambiri anayamba kuyang'ana pansi. Ena ali ndi ngongole ya masipeya kushopu komweko, ena akuyembekezera thandizo la thumba. Poyamba zinandipweteka, koma ndinaona kuti ndikuwapempha chinthu cholemera. Kusaina kuti "tcheni iyi inachoka pa njinga yanga pa makilomita akuti" sikutsutsana ndi munthu aliyense, ndipo zimenezo ambiri anachita mosavuta.

Kenako kunabwera kuchedwa. Msonkhano wa Ogasiti unathera pa kukonzekera ulendo wa ku Kulamba, kwa Gawa Undi ku Mkaika, ndipo kalata yanga sinawerengedwe. Anzanga anapita ku Katete ine ndili pagalaja. Wa Seputembala sunakwane anthu. Malamulo amafuna theka la mamembala kuti msonkhano usankhe kanthu, ndipo ambiri anali kuthamangira misika ya chimanga ndi soya. Msonkhano uliwonse ukadutsa ndinkalemba kalata yaifupi yokumbutsa, makope awiri ngati kale, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinaisiya nkhaniyo. Chilango cha miyezi 6 chikachedwa kumvedwa miyezi 3, theka mwagwira kale ukaidi wake ngakhale mudzawine, ndipo malamulo athu nthawi imeneyo analibe malire a nthawi yomvera apilo.

Chapakati pa Seputembala a wapampando anabwera pagalaja madzulo, okha. Anayankhula bwino ndithu. Anati nkhaniyi ikugawa gulu, ndibwerere mwakachetechete, faindi adzandibwezera m'thumba mwawo, kalata ndiitenge. Ndinali nditatopa, makasitomala atachepa, ndipo mtima unatsala pang'ono kulola. Ndinangofunsa funso limodzi limene mkulu uja anandiphunzitsa.

"A wapampando, nanga m'buku la maminitsi mudzalembedwa chiyani?"

Anati buku sililembedwa kawiri. Ndiye kuti mlandu woipitsa dzina ukanakhalabe pa dzina langa, ndipo malamulo athu amati wolakwa kachiwiri amachotsedwa kotheratu n'kutaya zonse zimene anasonkha. Ndikanabwerera ndili ndi chingwe m'khosi, osatha kufunsanso funso lililonse pamsonkhano. Ndinawathokoza ndi ulemu wonse n'kunena kuti ndidikira anthu atatu aja. Kugwirizana kwa kuseri si koipa, koma kuyenera kulowa m'buku ndi mawu omveka akuti chigamulo chachotsedwa. Kukapanda kulowa, mwangokhululukiridwa mlandu umene simunapalamule.

Mu Okutobala anthu anakwana. Msonkhano unasankha mayi wina mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, ndi mnyamata mmodzi wa onyamula anthu. A wapampando anafuna kukhala nawo kuti atsogolere zokambirana, akuti sadzavota. Ndinapempha kuti ndime ya apilo iwerengedwe mokweza, ndipo itawerengedwa iwo eni anabwerera pambuyo. Amene anagamula poyamba akakhala m'chipindamo, ngakhale asavote, achinyamata sayankhula momasuka pamaso pawo.

Mayi mphunzitsi uja ndi amene anatsogolera, ndipo mmene anayendetsera ndi mmene ndikanafunira kuti gulu lililonse lizichitira. Anayamba ndi kupempha buku la maminitsi. Tsamba la tsikulo linali ndi mayina asanu a amene analipo, la a msungichuma lili pakati, ndi mizere itatu ya chigamulo. Kalata yondiitana panalibe. Anafunsa a mlembi ngati inalembedwa, iwo anati anaiwala chifukwa nkhani inkaoneka yodziwikiratu, aliyense anamva zimene ndinanena. Anafunsa ngati a msungichuma anatuluka, yankho linali lakuti anakhala koma sanayankhule kwambiri. Gawo limenelo silinatenge ngakhale theka la ola. Kenako anati popeza aliyense ali pano, timve ndi za tcheni zomwe, kuti nkhani isadzabwerenso.

Apa a msungichuma anadziteteza mwamphamvu, ndipo zimene ananena si zabodza. Anati tcheni imafa ikamayenda youma, ikakungidwa kwambiri, tayala lakumbuyo likapendekeka, njinga ikamasenza matumba atatu a chimanga, kapena ikamaoloka madzi ndi mchenga osatsukidwa n'kuthiridwa oilo. Anawonjezera kuti womanga anali ine, ndiye bwanji vuto lisakhale la kamangidwe kanga. Funso limenelo ndinkaliyembekezera. Ndinafotokoza kuti ndimasiya tcheni ikusewera masentimita 2 mpaka 3 pakati pa masproketi awiriwo, ndimafananitsa zizindikiro za mbali zonse ziwiri za ekiselo, kilipi ya loko imayang'ana mbali yake yotseka kumene tcheni ikupita, ndipo sindimanga tcheni yatsopano pa sproketi yakale chifukwa mano odyeka amaiwononga msanga. Koma zimenezo ndi mawu anga okha. Chimene chinalemera ndi njinga zina zimene ndinamanga m'mwezi womwewo ndi maseti ogulidwa kwina, zoyenda njira zomwezo, zimene zinkapima 255 kapena 256. Womanga mmodzi, fumbi limodzi, zotsatira zosiyana.

Atatu aja sanafune kudalira ine kapena a msungichuma. Anaimitsa nkhani mpaka Loweruka lotsatira n'kuitana makaniko wa kunja kwa gulu, ndipo K150 yake tinagawana awirife. Anamupatsa mapepala apulasitiki aja atabisa manambala a njinga, pamodzi ndi seti imodzi yosatsegula. Anapima, anapititsa tupa, anayang'ana mabushi. Matcheni awiri anawaika pambali, akuti amenewa anafa ndi ludzu, anali ouma mpaka dzimbiri, ndipo sangaimbe mlandu wogulitsa. Sindinakondwe nazo, koma ananena zoona, ndipo kuchotsa awiriwo kunachititsa kuti otsalawo akhulupirike. Pa enawo, ndi pa seti yatsopano ija, anati chitsulo n'chofewa.

Pamenepo a msungichuma anatulutsa invoisi ya kumene anaoda ku Lusaka. Anagula pamtengo wa katundu wabwino, m'mabokosi ooneka bwino, ndipo nawonso anapusitsidwa. Chimene chinawapweteka n'chakuti anamva nkhaniyo koyamba pamaso pa anthu 40, ena mwa iwo makasitomala awo. Ndinawamvetsa. Zonsezi zikanatuluka masana amodzi komiti ikanangondiitana mu Ogasiti, ife awiri tili pamenepo, tcheni ndi invoisi zili patebulo.

Chigamulo chinabwera cholembedwa, onse atatu atasaina. Kuimitsidwa kwachotsedwa chifukwa ndime ziwiri sizinatsatidwe. A mlembi alembe m'mbali mwa tsamba lija kuti chigamulo chafafanizidwa, ndi deti yake. Faindi ibwezedwe. Kufunsa za katundu wogulidwa ndi ndalama za gulu pamsonkhano wa gulu si kuipitsa dzina, ngakhale anati zikanakhala bwino wogulitsa akanauzidwa msonkhano usanachitike kuti abwere ndi mapepala ake. Maseti osamangidwa abwezedwe pamtengo wonse. Omangidwa, kupatula awiri aja, pa theka la mtengo, pang'onopang'ono.

Zimene sizinabwerere nazo ndizitchule. Mafotokope, kuchapitsa zithunzi, gawo langa la makaniko wa kunja, mafuta ndi mayunitsi zinandidyera pafupifupi K400, yoposa faindi imene ndinkalimbirana, ndipo palibe lamulo lobwezera zimenezo. Pafupifupi miyezi 3 ndinali kunja kwa thumba. Makasitomala ena anasamukira kwina m'nyengo imeneyo ndipo si onse anabwerera. Ngati faindi ndi yaing'ono ndipo siisiya chipsera m'buku, kuchita apilo mwina sikungakupindulireni. Kwa ine chinalemera ndi dzina la ntchito ndi lamulo la wolakwa kachiwiri lija.

Ena anandifunsa chifukwa chimene sitinapitire ku Competition and Consumer Protection Commission, popeza lamulo la 2010 loteteza ogula limaletsa kugulitsa katundu wosayenera ntchito yake. Njira imeneyo ilipo, koma ndi ya katundu, singakubwezereni umembala. Komanso wogula anali gulu, risiti inali imodzi, ndipo woisunga anali wogulitsa yemweyo. Pachifukwa chimenechi, msonkhano wa Novembala unagwirizana kuti gulu likamagula kwa membala wa mu komiti pazikhala mitengo ya mashopu ena awiri yolembedwa, risiti izisungidwa ndi a mlembi, ndipo seti imodzi iyambe yayesedwa pa njinga imodzi tisanagule zambiri.

Pa za chilango tinasinthanso zingapo. Chigamulo sichitumizidwanso pa uthenga wa pafoni wokha. Chimabwera pa pepala lotchula ndime, ndipo pansi pake pamalembedwa masiku a apilo ndi kumene ikaperekedwe. Anthu atatu omva apilo tsopano amasankhidwa kumayambiriro kwa chaka, ndi awiri apadera olowa m'malo wina akakhudzidwa, kuti tisamadikire msonkhano wokwana anthu. Apilo imvedwe pasanathe masiku 21, ndipo ikapitirira popanda vuto la wodandaula, chilango chimaima kaye. Woimitsidwa amene akusonkhabe amakhalabe pansi pa thumba la ngozi mpaka apilo itatha. Panali mkangano waukulu pa mfundo imodzi: bwanji za munthu amene wabwera paulendo ataledzera kapena mabuleki osagwira, naye tidikire masiku 7? Tinasiyanitsa ziwirizi. Woyang'anira ulendo angathe kumuletsa munthu kukwera tsiku lomwelo popanda kukambirana, chifukwa chimenecho n'chitetezo cha onse. Koma faindi kapena kuimitsa kumadikira kalata ndi kumvedwa. Zosinthazi zinalembedwa m'malamulo athunthu, ndipo membala aliyense analandira kope.

Malamulo atsopanowa anayesedwa mu Febuluwale, paulendo wa ku Nc'wala ku Mtenguleni. Mnyamata wina anatuluka pamzere n'kudutsa lole pamalo osaoneka kutsogolo, atanyamula mnzake wopanda chipewa. Analandira kalata, anabwera ndi mboni yake, anamvedwa, komiti inamuimitsa miyezi 2. Anachita apilo ndipo inamvedwa mlungu wachiwiri. Atatu aja anapeza kuti njira yonse inatsatidwa ndipo mlandu ndi woona, koma anachotsa faindi ya K200 imene komiti inawonjezera, chifukwa ndime ya kayendedwe ka pamzere imatchula kuimitsa kokha. Miyezi 2 anaigwira yonse. Za theka la mtengo wa maseti aja, a msungichuma akubwezabe m'thumba mwezi ndi mwezi, ndipo a mlembi amawerenga zotsala pamsonkhano uliwonse.